Jeli Amene Anakana Kuduka

Tsiku limene jeli anakana kuduka, ine ndinali pasinki ndikutsuka mabotolo. Ndinangomva kukuwa kuchokera kuchipinda cha makina, kukuwa kwenikweni, kwa munthu amene wapeza njoka m'nsapato. Ndinaponya burashi m'madzi n'kuthamanga manja ali thovu lokhalokha, mumtima ndikuti basi, wina wadzithira asidi, ndipo wolemba lipoti ndine.

Ndinapeza Chiphaniphani akudumphadumpha, gawuni ili petupetu.

"Anamakiyi! Bwerani mudzaone! Sakuduka! Mayo ine, sakuduka!"

Anamakiyi ndine. Labu imeneyo ndinali nditaiyang'anira zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo makiyi a chitseko chilichonse ndi kabati iliyonse ankalendewera m'chiuno mwangamu. Ndikamabwera m'khonde, ophunzira ankamva kulira kwa makiyiwo n'kuyamba kubisa mabisiketi m'matumba. Chiphaniphani ndi mayi wamkulu ndithu, wa ana awiri, amene ankachita digiri yomaliza ija, ya udokotala wa maphunziro. Dzinalo tinamupatsa ndife chifukwa cha zowalawala zimene ankapanga.

Ankapanga jeli, koma osati wodya. Ankatenga ufa woyera wa polima, chinthu chokhala ngati timaulusi tosaoneka ndi maso, n'kuuphika m'madzi mpaka usungunuke, n'kuthiramo timadontho ta mankhwala owala amene ankachita kupanga yekha, kenako n'kutsanulira m'mathireyi. Chotuluka m'menemo chinali chinthu chofewa, chonyowa, pafupifupi madzi okhaokha. Poyera sungachiyang'ane kawiri. Koma ukakoka makatani n'kuyatsa nyali yapepo, eee! Kubiriwira kwake mpaka mano a anthu ankawala. Maganizo ake anali akuti tsiku lina jeliyo azidzaikidwa pabala, kuti balalo likayamba kuipa kuwala kuzizilala, namwino n'kudziwa asanamatule n'komwe.

Vuto linali limodzi: jeliyo anali wolobodoka. Kungomunyamula ndi zala ziwiri, phwasu, ali pansi ngati papaya wakupsa kwambiri. Akawonjezera ufa, jeli ankalimbako koma kuwala kunkafa. Akachepetsa, ankawala mochititsa kaso koma osagwirika. A Pulofesa, amene ankamuyang'anira, ankangopukusa mutu n'kunena kuti, "Kukongola n'kokongola, mayi, koma bala likhoza kukhala pabondo, ndipo bondo limapinda." Zaka zitatu zinatha chonchi.

Makina okoka ali ndi zibwano ziwiri zachitsulo. Umaika kachidutswa ka jeli kotalika ngati chala, chibwano china chigwire kumunsi china kumwamba, ndiye chakumwambacho chimakwera pang'onopang'ono, pakompyuta mzere ukukwera nawo. Jeli wa Chiphaniphani ankaduka mzerewo usanadzuke n'komwe. Koma tsiku limenelo chibwano chinali chitakwera mpaka kufika pachifuwa panga, kachidutswa kaja katatalika kasanu, katawonda ngati chingwe cha nsapato, koma kali chigwirire.

"Makatani, Anamakiyi, makatani!"

Ndinakoka makatani, iye n'kuyatsa nyali yapepo. Abale inu! Kachingwe kobiriwira kali ngwee pakati pa chipinda, kowala kuposa jeli wina aliyense amene ndinamuonapo. Ndinakuwa nanenso, ine amene ndimakalipira anthu akaseka mokweza. Tinakumbatirana, thovu langa lija n'kuthera kumsana kwake.

A Pulofesa ndi bambo wamtali, woyenda mwaulemu ngati wasenza madzi, koma tsiku limenelo anatsika masitepe awiriawiri. Anavala magolovesi mozondotsa, anatenga kachidutswa kena, anakakoka, anakapinda, anakamanga mfundo. Kenako anati tipachikepo botolo la madzi la lita imodzi. Tinapachika, botolo likungolendewera, jeli ali phee.

"Mwasintha chiyani, mayi? Mwachita chiyani?"

Chiphaniphani anatsegula buku lake. "Palibe chimene ndasintha, a Pulofesa. Ndi thireyi yachinayi iyi. Ndinaiika mufiriji youmitsa Lachisanu madzulo, kuti ndidzaitulutse Lolemba. Ndiye mwana anadwala, ndinakhala naye kuchipatala sabata yonse. Yakhala mmenemo masiku khumi."

"Masiku khumi!" a Pulofesa anamenya tebulo. "Kale tinkaumitsa usiku umodzi wokha. Ndiye chinsinsi ndi nthawi! Lembani, lembani, jambulani chilichonse!"

Nditamva zoti thireyi yachinayi, mtima unagunda kamodzi kwambiri, chifukwa thireyi imeneyo ndinkaidziwa bwino kuposa mwini wake.

Lekani ndiulule. Sabata imene Chiphaniphani anali kuchipatalayo, kwathu kunabwera apongozi anga, ndipo tsiku lomwelo firiji ya kunyumba inafa. Apongozi anga sadya chakudya chopanda nyama, amati masamba ndi a mbuzi. Wogulitsa nyama wa pafupi ndi pokwerera basi amatseka folo koloko, ine ndimaweruka faifi. Ndiye ndikanatani? Ndinkagula nyamayo m'mawa, n'kuikulunga m'majumbo awiri, n'kufika nayo kuntchito hafu seveni anthu asanabwere. Firiji youmitsa ya mu labu ndi yaing'ono ndipo inali yodzaza, choncho ndinkatulutsa thireyi imodzi, yachinayiyo, n'kuiika pamwamba pa kabati, n'kuivundikira ndi katoni. Faifi koloko ndinkatenga nyama yanga n'kubwezera thireyi pamalo pake. Ndinachita zimenezi Lolemba mpaka Lachisanu, ndipo Loweruka amisiri anakonza firiji ya kunyumba.

Pachitseko cha firiji ya mu labuyo panali chipepala cha zilembo zikuluzikulu zofiira choletsa kuikamo chakudya chilichonse. Analemba ndani? Ine. Ndipo chaka chathachi ndine ndinakanena a Ndevu, amene tinkagwira nawo ntchito, nditapeza botolo lawo la mkaka mmenemo. Anawalembera kalata n'kuwasamutsira kosungira katundu, ndipo mpaka lero sandipatsa moni. Lamulolo ndi labwino, sindikutsutsa. Mankhwala ena a mmenemo akhoza kugoneka banja lonse kuchipatala. Koma ndinadziuza kuti majumbo ndi awiri, masiku ndi asanu okha.

Ndiye pamene anthu ankavina ndi jeli uja, ine ndinkangothokoza kuti sindinamuwononge. Zoti mwina ndamukonza ndine sizinandibwerere n'komwe m'mutu.

A Pulofesa, chimwemwe chitawakwera, anatumiza zithunzi ndi mzere wa pakompyuta uja kwa akuluakulu odzayesa Chiphaniphani, tsiku la mayeso n'kukhazikitsidwa, miyezi iwiri ndi theka kutsogolo. Mmodzi wa oyesawo anayankha kuti zotsatirazo n'zodabwitsa zedi, ndipo akufuna kudzaona jeli wina watsopano akukokedwa iye ali pomwepo. Tonse tinaseka. Chovuta n'chiyani pamenepo? Kuphika, kutsanulira, masiku khumi mufiriji, basi.

Chiphaniphani anaphika mathireyi atatu. Masiku khumi atakwana tinasonkhana kumakina, mpaka ophunzira a m'malabu ena anadzaza pakhomo. Chibwano chinakwera pang'ono chabe, thapu! Chidutswa chachiwiri, thapu! Chachitatu sichinadikire n'komwe kuti amalize kuchimanga.

"Ndi madzi," anatero a Pulofesa. "Botolo la madzi linali lina."

Chiphaniphani anasintha madzi. Thapu. Anatsegula chitini china cha ufa, anasintha mphika, anayeza kutentha kawirikawiri mpaka ndinamuuza kuti aphwanya choyezeracho ndi maso. Anavala ngakhale gawuni yomwe ija ya tsiku loyamba, ndikumuona, koma sindinamuseke. Zidutswa zolepherazo sankataya, ankaziika m'mabokosi a madzi n'kulembapo tsiku, mabokosi n'kumachuluka pashelefu. Masabata asanu ndi limodzi anapita, mayi uja n'kuwonda mpaka mphete inayamba kuvuka pachala.

Kenako manong'onong'o anayamba. Ndinamva ndekha m'khonde wina akuti mwina Chiphaniphani anagula labala kusitolo n'kumupaka mankhwala. Ndinamukalipira mpaka anaiwala chikwama chake pabenchi. Koma mawu akatuluka amayenda, ndipo anakafika m'mwamba. A Pulofesa anaitanira Chiphaniphani mu ofesi, ndipo atatuluka anabwera kudzakhala pampando wa pafupi ndi sinki yanga, maso ali psuu.

"Akuti tsiku likafika ndisanabwereze, alemba kuti zotsatira zija n'zosadalirika," anandiuza. "Ndipo akatero, funso likhala lakuti jeli woyamba uja ndinamutenga kuti. Anamakiyi, digiri ikhoza kupita, ndipirira. Koma ana anga adzamve kuti mayi awo anachotsedwa chifukwa chonama?"

"Aaa, iwe, usatero. Sizifika pamenepo."

"Mankhwala owala atsala a mathireyi atatu okha. Kupanga ena ndi miyezi iwiri. Ndatsala ndi mpata umodzi." Anatsegula buku lake n'kuyamba kuwerenga zonse zimene anali atafufuza, chala chikutsika pamndandanda. Atafika kumapeto anaima. "Chatsala chimodzi. Firiji sinazime sabata imene ija? Magetsi sanathimepo?"

"Sanathime. Pepala la kutentha ndimalemba ndekha kawiri patsiku. Bwanji?"

"Ndimaganiza kuti mwina anasungunuka n'kuundananso. Madzi akamaundana amakankhira timaulusi ta polima pamodzi, ndiye zikachitika mobwerezabwereza mwina tingalukane. Koma ngati firiji sinazime, ndisatayirepo thireyi pa zongoganiza." Anakhwatcha mzerewo ndi bolopeni.

Mbale yagalasi imene ndinkatsuka inapulumuka n'kugwera m'madzi. Firiji sinazimedi, sindinaname. Koma jeli uja anasungunuka kasanu pamwamba pa kabati, n'kuundananso kasanu, chifukwa cha nyama ya apongozi.

Ndikanayankhula pomwepo. Pakamwa panatseguka ndithu, koma ndinaona chipepala chofiira chija pachitseko cha firiji, ndinaona nkhope ya a Ndevu tsiku limene ankanyamula katundu wawo, ndinaganiza zaka zanga khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Ndinachita mantha, ndipo ndikunena mosabisa. Ndinatola mbale ija n'kupitiriza kutsuka.

Pobwerera kunyumba m'basi nzeru inandibwerera, ndipo ndinaiona ngati nzeru yapamwamba kwabasi. Bwanji ndingochitanso zomwe zija mwakachetechete? Jeli alimba, mayi apambana mayeso, ine ntchito ili m'manja, aliyense kwawo mosangalala. Ndinadziyamikira mpaka ndinapitirira potsikira.

Lachisanu Chiphaniphani anaphika mathireyi atatu omalizawo mumphika umodzi, n'kuwaika pashelefu imodzi. Ulendo uno anamata chitseko cha firiji ndi tepi n'kusainapo, kuti wina asatsegule mpaka masiku khumi akwane. Ine mumtima ndinati, mwana iwe, tepi ndinayamba kumata usanalowe sekondale. Iye ankafika hafu eyiti akasiya ana kusukulu, n'kuchoka folo kukawatenga. Lolemba hafu seveni ndinamatula tepi ija ndi kalezala pang'onopang'ono, ndinatulutsa thireyi yapakati, ndinaiika pamwamba pa kabati pomwe paja, katoni yomwe ija pamwamba, n'kumatanso tepi siginecha ikukumana bwinobwino. Ndinasankha imodzi yokha chifukwa nanenso sindinali wotsimikiza, ndinati ndikalakwa ziwirizo zitsale.

Sabata imeneyo sindinkayenda, ndinkauluka. Tsiku lachitatu nditavundukula katoni ndinaona kuti jeli wayamba kuchita mbuu ngati madzi otsukira mpunga, chimodzimodzi woyamba uja. Ndinamudina ndi chala cha golovesi, iye n'kundikankha. Ndinavina ndekhandekha pakati pa labu, makiyi akulira, mpaka wokolopa anasuzumira pawindo kufunsa ngati ndili bwino. Masana Chiphaniphani ankakhala pansi pa kabati yomweyo akulemba, katoni ili pamwamba pa mutu wake, ine mtima uli m'mwamba kuopa kuti ayang'ana kudenga. Bambo a kunyumba anandifunsa kuti ndikumwetulira chiyani pochapa, ndinati palibe.

Lolemba la masiku khumi, a Pulofesa anati pasakhale gulu. Tinalipo atatu basi, chitseko chotseka. Chiphaniphani anayang'ana tepi yake, anaidula, anatulutsa mathireyi n'kudikira kuti asungunuke. Cha m'ma leveni anadula tizidutswa.

Thireyi yoyamba, thapu.

"Tiyese yachitatu," ndinatero ine, kufuna kuti zabwino zibwere pomaliza. Thapu.

Chiphaniphani anamanga kachidutswa ka thireyi yapakati osayang'ana n'komwe, nkhope ili kumbali. Anadina batani. Chibwano chinayamba kukwera. Chinapitirira pamene enawo anadukira. Mzere pakompyuta unadzuka.

"Mayi," a Pulofesa ananong'ona, "tayang'anani."

Kawiri kutalika kwake. Katatu. Ine ndinali nditaluma chala. Kanayi! Chiphaniphani anagwira m'mutu n'kuyamba kubwerera m'mbuyo mpaka anagunda khoma. Kasanu! Kasanu ndi theka!

"Pita! Pita, mwana wanga, pita!" Ameneyo ndinali ine, ndikukuwira jeli ngati ndili kubwalo la mpira.

Chibwano chinakafika pamapeto penipeni pa makina n'kuima chokha, jeli asanaduke. Chiphaniphani anagwada pansi akuseka ndi kulira nthawi imodzi, ine ndikumukoka kuti adzuke tivine. Ndinakoka makatani wina asanandiuze, ndinayatsa nyali yapepo, kachingwe kaja n'kuwala kuchokera pansi mpaka pamwamba. Mumtima ndinati, Anamakiyi, ndiwe katswiri, waigwira ntchito.

Nditatsegula makatani ndinapeza a Pulofesa sakuseka. Anali atakhala pampando, mathireyi atatu aja atawandandalika patsogolo pawo.

"Mphika umodzi," anatero pang'onopang'ono. "Shelefu imodzi. Masiku ofanana. Chitseko chomata. Awiri aphwasuka, mmodzi walimba. Mukalemba chiyani, mayi?"

Kuseka kwa Chiphaniphani kunazima.

"Oyesa akakufunsani kuti njira yake ndi yotani, muyankha kuti chiyani? Kuti pa mathireyi atatu imodzi imasankhidwa ndi mwayi? Poyamba ndimati mwina zinangochitika. Tsopano zachitika ndendende sabata imene mukuzifunitsitsa, pathireyi imodzi, mankhwala atatha." Anavula magalasi n'kupukuta m'maso. "Ndakuikirani kumbuyo masabata onsewa. Ndikufunsani kamodzi kokha, ndipo mundiyankhe zoona. Mwaikamo chiyani m'thireyi iyi?"

"A Pulofesa!" Mawu ake anatuluka ang'onoang'ono. "Inunso?"

Pamenepo ndiye ndinaona zimene ndachita. Nzeru yanga ya m'basi ija inali itamumangirira mwala m'khosi. Poyamba ankangooneka wolephera, tsopano ankaoneka wakuba, ndipo ndine ndinamuveka zimenezo ndi manja angawa. Anandiyang'ana, osati mondikayikira ayi, koma ngati munthu wofuna mboni, ndipo zimenezo ndi zimene zinandipweteka kwambiri.

"Sanaikemo kanthu," ndinatero. Mawu anga anamveka achilendo. "Ndine."

Onse anatembenuka.

Ndinanena zonse. Apongozi, firiji yakufa, majumbo awiri, katoni, kalezala, tepi. Ndinakwera pampando n'kutsitsa katoni ija kuti aione. Sindinasiyeko kanthu, ngakhale zoti tsiku lija atandifunsa za magetsi ndinazindikira koma ndinatseka pakamwa.

Chiphaniphani anadzuka pang'onopang'ono n'kubwera kudzaima patsogolo panga, pafupi kwambiri.

"Munandiona ndikulira pasinki panu paja," anatero. "Munandipatsa kansalu kopukutira misozi. Mukudziwa."

"Ndinkaopa, mwana wanga."

"Musanditchule mwana wanu! Masabata awiri athunthu mukudziwa! Mwamuna wanga wandifunsa dzulo ngati pali chimene ndikumubisira. Mwamuna wanga!" Ndinaweramitsa mutu kudikira zotsala, chifukwa zinali zondiyenera.

Koma zotsalazo sizinabwere. Nditadzutsa maso ndinapeza akuyang'ana katoni ija, kenako pamwamba pa kabati, kenako thireyi yapakati. Milomo inkayenda ngati akuwerengera.

"Kangati?"

"Chiyani?"

"Munatulutsa kangati? Ulendo woyamba ndi wachiwiri!"

"Kasanu. Konse kuwiri kasanu."

"Nthawi yanji?" Anali atatola kale buku, bolopeni ili kukamwa akufufuza tsamba.

"Hafu seveni m'mawa. Kubwezera faifi."

"Maola asanu ndi anayi ndi theka kunja, otsalawo mufiriji. Ankasungunuka yense kapena pakati pankatsala pouma? Katoni inali yotseka mbali zonse? Dzuwa limafika pamwamba apo?"

"Yense. Pofika masana ankakhala wofewa. Tsiku lachitatu ndi pamene amayamba kuchita mbuu."

"Mbuu!" A Pulofesa analumpha pampando. "Ndi timaulusi tija tikugwirana! Madzi akaundana amatipanikiza pamodzi, akasungunuka timatsala titalukana, ulendo wotsatira tilukananso pena. Ndipo mankhwala owala akupanikizika momwemo, n'chifukwa chake akuwala kwambiri! Mayi, munaganizapo zimenezi inu?"

"Ndinaganiza, n'kukhwatcha!" Anawaonetsa mzere uja m'buku. Kenako anaima chilili, maso ali pashelefu ya mabokosi a madzi. "A Pulofesa. Olephera aja. Sanafe! Anangoundana kamodzi basi! Sindikufunika mankhwala atsopano, ndingowabwezera mufiriji!"

Eee, chipwirikiti chake! Anayamba kutsitsa mabokosi, a Pulofesa akulandira, madzi akutayikira pa nsapato zawo zopolisha koma osasamala. Anawerenga zidutswa za mathireyi khumi ndi imodzi. Ankalankhula onse nthawi imodzi: ena aundane kawiri, ena katatu, ena kasanu, ena kasanu ndi kawiri, tione pamene kulimba kumalekezera. Masiku otsala anali khumi ndi awiri, okwana ndithu. Ine ndinatenga chokolopera n'kuyamba kupukuta madzi pansi, chifukwa panalibe amene anandiuza chochita ndipo manja ankafuna ntchito.

Mabokosi atalowa mufiriji, a Pulofesa anapukuta manja n'kunditembenukira. Nkhope inali ikadali yowala ndi chimwemwe, koma mawu anali ena.

"Amayi, tikaonane mu ofesi."

Mu ofesimo sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anati nyama mufiriji ya mankhwala ndi mlandu umodzi, kumatula chitseko chomata cha wophunzira ndi wachiwiri, ndipo wachiwiriwo sangaubise chifukwa oyesa ayenera kuuzidwa chifukwa chimene buku ndi jeli zinkasiyanirana. Anati ndikadikire kunyumba. Ndinamasula makiyi m'chiuno n'kuwaika patebulo, ndipo potuluka m'khonde palibe anandimva ndikudutsa.

Kunyumba ndinachapa makatani onse, ndinakwecha mapoto amene sanadetsedwe, ndinakangana ndi bambo a kunyumba pa nkhani ya sopo. M'mawa uliwonse hafu seveni ndinkapezeka ndayang'ana wotchi, mtima ukufunsa ngati Chiphaniphani watulutsa jeli mufiriji. Faifi ndinkayang'ananso. Sindinamuimbire, ndinalibe nkhope.

Kalata inabwera Lachiwiri la sabata yotsatira, cha m'ma teni, ndi wanjinga yamoto. Inali yaifupi. Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri zinakwana m'mizere isanu ndi umodzi, ndipo mzere womaliza unkandiuza tsiku lokatenga katundu wanga. Ndinaiwerenga kawiri, ndinaiika patebulo n'kuitsamiritsa kapu, kenako ndinapita kukaanula zovala.

Foni inalira ndili ndi mapegi kukamwa. Nditaona kuti ndi iye, ndinatsala pang'ono kusayankha.

"Anamakiyi!" Kukuwa kwake ndinachita kuchotsa foni kukhutu. "Onse! Onse khumi ndi mmodzi! Wa kawiri walimba pang'ono, wa katatu kwambiri, wa kasanu wafika pamwamba, wa kasanu ndi kawiri watsetsereka m'zibwano osaduka! Mzere wake ukukwera ngati masitepe! A Pulofesa akuthamanga m'khonde ndi pepala, akuonetsa aliyense, mpaka wogulitsa nyuzipepala!"

"Akuwala?" ndinafunsa, mapegi atagwera pansi.

"Akuwala! Ndazimitsa nyali kuti maso apume! Oyesa abwere, abwere ndi abale awo omwe, ndiwaphikira pamaso pawo!"

Ndinalulutira. Ndinalulutira pakati pa zingwe za zovala mpaka agalu a aneba anayamba kuuwa, bambo a kunyumba n'kutuluka ndi nsapato imodzi. Ndinkadumpha foni ili kukhutu, iye akukuwa uko ine kuno, osamvana n'komwe.

Kenako analeka kukuwa. Ndinamva akupuma.

"Ndamva za kalata," anatero.

"Yafika."

"Ndinapita kukawapempha. Akana."

"Usadzivute. Analondola."

"Ndikadali wokwiya nanu, Anamakiyi. Sindikudziwa kuti zidzatha liti."

"Ndikudziwa."

"Koma palibenso amene anganene kuti ndinanama." Mawu ake anasweka pamenepo. "Palibe. Ana anga sadzamva zimenezo."

Anadula foni ndisanayankhe, mwina wina anamuitana kumakina. Ndinakhala pansi pomwepo pa udzu, dengu la zovala lili pambali. Bambo a kunyumba anabwera ndi kalata ija m'manja, anali ataiwerenga, ndipo anandiyang'ana mozunguzika, mkazi wa zaka makumi asanu amene ntchito yamuthera m'mawa womwewo akuseka misozi ili chuchuchu.

"Ndiye wapambana?" anafunsa.

"Apambana," ndinatero. "Lachisanu mundiperekeze, ndikatenge katundu wanga."